Timadontho ta Mayi Sambani

Pali anthu amene ndikawakumbukira ndimamwetulira, pali ena amene ndikawakumbukira ndimafuna kumenya tebulo. Mayi Sambani amandichititsa zonse ziwiri, koma kunena zoona tebulo ndi limene limavutika kwambiri. Ndinagwira nawo ntchito zaka khumi ndi zinayi m'labotale yofufuza za impso, ine ndili pa maikulosikopu, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, iwo ali m'chipinda cholerera maselo. Zimene anawachitira kutatsala miyezi isanu ndi iwiri kuti apume pa ntchito sizinandichoke pakhosi mpaka lero, ndipo pa anthu amene ndimawakwiyira, inenso ndili pomwepo.

Dzina loti Sambani analipezera pakhomo la chipinda chawocho. Aliyense wofuna kulowa, kaya wophunzira, kaya mlendo wa tayi, kaya Pulofesa mwini labotale, asanapereke ndi moni womwe ankayamba kumva mawu akuti, "Sambani." Ukati wasamba kale, ankakuyang'ana m'manja, kenako kumaso, n'kukulozera mpopi ndi chibwano. Ambiri ankapsa nazo mtima. Koma pa zaka 27 zimene anasunga chipindacho, nkhungu, yonga ya pa buledi wokhalitsa, inalowa m'timbale ta maselo kawiri kokha, ndipo maulendo onse awiri iwo anali patchuthi chokabereka.

Sukulu sanapite nayo patali. Analowa ntchito ngati wokolopa ndi kutsuka mabotolo m'chipinda chapansi, chopanda zenera, momwe makina ophikira ziwiya amatentha ngati ng'anjo. Mkulu wina amene ankalera maselo masiku amenewo, manja atayamba kumunjenjemera, anaona kuti mabotolo a mayiyu ankabwera opanda ndi kachizindikiro ka chala komwe. Anawaitanira kumwamba, anawaphunzitsa zaka ziwiri, ndipo pochoka anawasiyira kiyi. Amuna awo, amene ndi atelala, anawasokera kathumba mkati mwa gauni loyera la kuntchito, kumanzere, ka kiyi yekhayo. Poyenda ankakagwiragwira osadziwa n'komwe.

Maselo a impso timawalera m'timbale ta pulasitiki tokwana m'chikhatho, m'kabati yofunda ngati thupi la munthu, ndipo amafuna madzi atsopano a chakudya pakapita masiku awiri alionse. Sadziwa Loweruka, sadziwa Lamulungu. Choncho Lamulungu akatuluka m'tchalitchi, Mayi Sambani ankakwera basi ndi nsapato zomwezo za kutchalitchi kubwera kudzadyetsa maselo, atelala atakhala pabenchi panja ndi nyuzipepala. Ana awo aakazi awiri ankati, "Ife ndife ana owapeza, ana enieni a amayi ali m'kabati." Iwo ankangoyankha kuti a m'kabatiwo sayankha mwano.

Ine ankanditcha bambo a mapasa kuyambira tsiku limene akazi anga anachira ana awiri nthawi imodzi. Cha m'ma teni koloko tsiku lililonse tinkakhala pamasitepe akumbuyo, fulasiki yawo ya tiyi pakati pathu, iwo akundifunsa ngati mapasa ayamba kumera mano, pambuyo pake ngati ayamba kuwerenga, pambuyo pake ngati asiya kumenyana. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe kuti sindinali munthu wapatali kwa iwo.

Ntchito ya labotale yathu inali pa funso limodzi: kodi selo limatumiza bwanji mapuloteni ake kumalo oyenera? Pulofesa akafotokoza pabolodi, ophunzira atsopano ankatuluka atatong'ola maso. Ndiye ankawatumiza kwa Mayi Sambani, amene zonse anaziphunzira pomvetsera ali chiimire kumbuyo m'misonkhano. Ine ndinamva phunziro lawo kambirimbiri mpaka ndinaliloweza.

"Ana inu," ankatero, "selo la impso si mpira wofanana mbali zonse ayi. Lili ndi kumwamba, lili ndi pansi. Kumwamba kumayang'ana kanjira kodutsa mkodzo, pansi ndi m'mbali kumayang'ana magazi. Lonselo lakutidwa ndi kakhungu kopyapyala, ndipo m'kakhungumo mwazikika mapuloteni. Ena ndi timakomo ta madzi, ena ndi timapampu ta mchere. Ndiye pampu yoyenera kukhala mbali ya magazi ikakakhala mbali ya mkodzo, thupi limataya zimene likanasunga, munthu n'kudwala impso zonse ziwiri zilipo. Mwamva?"

Akagwedeza mitu, ankapitiriza. "Nanga puloteni imadziwa bwanji kopita? Sidziwa, ilibe maso. Imapangidwa mkati mwa selo, imapindidwa bwinobwino, kenako imafika posankhira katundu, pamene a mabuku amati Goloji. Pamenepo pali mapuloteni ena, ntchito yawo ndi kuwerenga basi. Kumchira kwa puloteni yathuyi kuli kachigawo kakafupi, ndiko keyala yake. Akawerenga keyalayo amailongedza m'kathumba kopita pansi, kathumbako n'kuyenda m'tinjira ta mkati mwa selo mpaka kukalumikizana ndi kakhungu ka mbali ya magazi. Mukadula mchirawo, puloteni imapangidwa ndithu, koma imakwera kathumba kolakwika n'kukatsikira kumwamba."

Akatero ankanyamula kambale kopanda kanthu. "Tsono taonani. Selo silimata keyala pa chinthu chochoka, limailemba pathupi pa katunduyo. Inunso mukamalemba dzina la maselo, muzilemba pakambale penipenipo. Pachivindikiro ayi. Chivindikiro chimayenda."

Kenako kunabwera Dokotala Changu. Dzinali tinamupatsa sabata yoyamba chifukwa pakhonde ankayenda ngati nyumba yayaka. Anali wachinyamata, wophunzira kunja, ndipo nzeru anali nazo, zimenezo sindingamunamizire. Chimene analibe ndi makutu. Anabwera ndi kamakina kosindikiza masitika, nalamula kuti kulemba pamanja pa timbale kuthe, chifukwa inki imafufutika ukapopera sipiliti, komanso akuti zimaoneka zachikale alendo akabwera. Masitika aziikidwa pa zivindikiro, popeza pansi pa kambale angatchinge kuwala kwa maikulosikopu.

"Adokotala, m'mbali mwa kambale muli malo," anatero Mayi Sambani.

"Sitika silikwana m'mbali. Mayi, dziko linasintha."

"Dziko linasintha ndithu, koma zivindikiro zidakayendabe."

Iye anaseka ngati wamva nthabwala ya munthu wokalamba, nalamula kuti zolembera zonse zitoleredwe. Mayi Sambani anapereka zinayi, chachisanu anachilowetsa m'kathumba ka kiyi. Kuyambira tsiku limenelo, akafesa maselo m'kambale, ankakatembenuza pang'ono n'kuika chizindikiro chawochawo m'mphepete mwenimweni mwa pansi pake, posafika kuwala. Kadontho kamodzi kankatanthauza maselo a puloteni yathunthu, timadontho tiwiri maselo a puloteni yodulidwa mchira. Anandiuza okha pa tiyi, akuseka chapansipansi ngati mwana wobisa switi.

Kafukufuku wamkulu wa Dokotala anali wa timbale tisanu ndi kamodzi, titatu ta puloteni yathunthu, titatu ta yodulidwa. Puloteniyo tinkaimangirira kachinthu kowala mobiriwira kuti pa maikulosikopu ndizitha kuona komwe yakatsikira. Mayi Sambani anafesa, Dokotala anamata masitika, iwo n'kudyetsa maselowo masiku asanu. Kadyetsedwe kawo aliyense ankakadziwa. Ankavundukula kambale kamodzi, chivindikiro chili m'dzanja lamanzere osachiika pansi, kuthira, kuvindikira, ndiyeno kutenga kena. Ankachedwa nazo, ndipo Dokotala akawaona ankangoyang'ana wotchi.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi linali lothira mankhwala oumitsa maselo kuti akhale mmene alili. Dokotala anati zimenezi achita yekha. Ine ndinapita kukafunsa nthawi yoti ndiyatse makina, ndipo nditafika pachitseko ndinasuzumira pagalasi. Zivindikiro zonse zisanu ndi chimodzi zinali zitavundukulidwa nthawi imodzi, zitaunjikidwa pambali. Iye foni ataipanikiza pakati pa phewa ndi khutu, akuthira uku akuyankhula. Atamaliza anavindikira timbaleto ndi chivindikiro chilichonse chimene dzanja lagwira. Ndinaona ndi maso angawa. Mumtima ndinangoti uyu ndi munthu wophunzira kwambiri, akudziwa zimene akuchita, n'kubwerera.

Madzulo ake nditaika timbaleto pa makina ndinadabwa. Mu tiwiri tolembedwa kuti mchira wodulidwa, zobiriwira zinali zitandandalika bwinobwino mbali ya magazi, ngati keyala ilipo. Mu tiwiri tolembedwa kuti puloteni yathunthu, zinali zitakwera kumwamba. Munthu wofatsa akanafunsa kuti chalakwika n'chiyani. Dokotala anadumpha. Anati watulukira chinthu chimene mabuku onse anachiphonya, kuti mchira siwo wokha umene umalamula. Anathamangira kwa Pulofesa, anauza alendo, ndipo patapita masabata awiri anakwera ndege kukazilengeza pamsonkhano waukulu, zithunzi zanga zili m'chikwama.

Iye ali komweko, Pulofesa anati kafukufukuyo abwerezedwe, ndipo ulendo uno Mayi Sambani anachita okha zonse mpaka kuthira mankhwala. Zinatuluka monga mabuku amanenera: yathunthu pansi, yodulidwa kumwamba. Anabwerezanso, chimodzimodzi. Dokotala atabwerako anayesa yekha ndi timbale tiwiri tokha, chimodzimodzinso. Chozizwitsa chake chija chinasowa ngati mame. Ndipo munthu amene waima pamaso pa anthu mazana n'kunena zimene kulibe, akabwera kwawo safuna kalilole, amafuna munthu woti amuloze chala.

Lolemba lililonse tinkakumana m'chipinda cha tebulo lalitali, anthu khumi ndi awiri. Lolemba limenelo Dokotala anaimirira n'kunena kuti wapeza gwero la vuto. Maselo anasokonezedwa pofesa. "Amene anafesa tonse tikumudziwa," anatero. "Sindikunyoza munthu, koma msinkhu ukafika penapake maso amafooka. Uku ndi kusasamala, ndipo kwachititsa manyazi labotale yonse."

Mayi Sambani anali chiimire kumbuyo monga mwa masiku onse. Anabwera patsogolo pang'ono. "Pulofesa, timbale timeneto tidakali m'fuliji. Mukatitembenuza mupeza..."

"Mayi, pano tikukamba za sayansi," anawadula Dokotala.

Mayi amene analera maselo iye akadali pasukulu ya mkaka! Ndinayembekeza kuti Pulofesa amenya tebulo. Pulofesa ndi munthu wabwino, wa mtundu uja wa anthu abwino amene mkangano ukayamba amayang'ana pazenera. Anangoti tiyeni tizilemekezana, kenako anafunsa mwa mwambo chabe, "Pali amene anaona china chake?"

Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Kontilakiti yanga inkatha mwezi wotsatira, ndipo woti asaine kuti ndipitirize anali Dokotala yemweyo. Ndinaganiza za mapasa, ndinaganiza za akazi anga, ndinaganiza zambiri zomveka bwino. Zonsezo zinali zoona, koma dzina lake lenileni ndi mantha.

Lachitatu kalata yowadzudzula inatuluka, ina kwa Mayi Sambani, ina m'faelo yawo ku ofesi. Inali ndi mizere isanu ndi umodzi, ndipo mawu akuti kusasamala analimo kawiri. Mlembi wa ku ofesi anabwera kudzatenga kiyi, maso ali pansi. Anawabwezera kuchipinda chapansi chotsukira mabotolo, komwe anayambira asanabereke n'komwe. Zaka 27 anazipinda ngati pepala lopukutira m'manja, popanda ngakhale munthu mmodzi kutsegula fuliji kuti aone.

Mawa lake ndinatsika kukawaona. Ndinawapeza atavala epuloni ya labala ndi majombo, manja ali m'thovu. Sanalire, sanatukwane. Anatseka mpopi n'kunditembenukira.

"Bambo a mapasa, ine ntchito ndisiya ndithu, miyezi yatsala yochepa. Mabotolo sandichititsa manyazi, ndi amene anandilera. Koma sindituluka pageti paja ndi dzina loti wosasamala. Limenelo ndilo ndakana. Timbale tija tili m'fuliji yachiwiri, shelefu yapansi, tokulunga m'pepala lonyezimira. Ine kumeneko andiletsa. Timadontho tiuza anthu kuti zivindikiro zinayenda, koma sitinganene amene anaziyendetsa." Kenako anapitiriza: "Tsiku lija ndinali mosungira mabotolo. Ndinakuonani mutaima pachitseko. Munaona chiyani?"

"Sindinaonetsetse, mayi. Galasi lija limanyezimira."

Anandiyang'ana m'manja, kenako kumaso, monga ankachitira pakhomo paja ndi munthu wonama kuti wasamba. "Chabwino," anatero, n'kutsegulanso mpopi.

Masabata asanu ndi limodzi ndinamwera tiyi patebulo langa. Masitepe akumbuyo ndinkawalambalala ngati kuli njoka. M'masabata omwewo nkhungu inalowa m'chipinda cha maselo kawiri, chifukwa tsopano aliyense ankangolowa mmene wabwerera, wina ndi chikwama kumsana, wina akutafuna. Ntchito ya ophunzira atatu inatayidwa. Kodi pali amene analandira kalata? Ayi ndithu. Anati ndi nyengo. Nkhungu ikabwera m'manja mwa anthu a madigiri imakhala nyengo, koma mayi wosalakwa anali pansi akutsuka mabotolo a anthu omwewo.

Tsiku lina poweruka ndinakumana ndi atelala pageti, akudikira akazi awo. Ndinafuna kuzemba koma anali atandiona kale.

"Bambo a mapasa, mwasowatu. Ana ali bwanji?"

"Ali bwino, bambo. Kaya kunyumba?"

"Kunyumba tilipo." Anapinda nyuzipepala yawo kawiri. "Anzanuwa Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi amalunjikabe pokwerera basi. Timaima pamenepo, basi imabwera, ndiye amakumbukira kuti alibe kopita. Timabwerera wapansi osayankhulana. Kathumba kaja ndinati ndikasule popeza mulibe kanthu, anandilanda gauni m'manja." Anandiyang'ana mofatsa. "Amati inu ndi munthu wabwino, mukungofuna nthawi."

Mawu amenewo anandiwawa kuposa mbama. Koma musaganize kuti mawa lake ndinathamangira kufuliji. Ayi. Ndinadikira mpaka Dokotala anasaina kontilakiti yanga Lachiwiri la sabata yachisanu ndi chimodzi. Kulimba mtima kwanga kunabwera inki itauma. Lachinayi pachitseko cha fuliji yachiwiri panamatidwa chidziwitso choti zakale zonse zitayidwa Lachisanu, mwa lamulo la Dokotala. Pamenepo m'pamene ndinagwada n'kutulutsa mpukutu wa pepala lonyezimira uja.

Ndinatembenuza timbale kamodzikamodzi. Timadontho tinalipo, tating'ono ngati mutu wa singano. Pa tiwiri, sitika ndi timadontho zinkagwirizana. Pa tinayi zinkatsutsana. Kuti wina asadzati madontho ndi nkhambakamwa za mayi wokalamba, ndinathira utoto wofiira umene umamatirira kumchira kwa puloteni kokha. Zofiira zinawala mu timbale tonse titatu ta kadontho kamodzi, ndipo mu ta timadontho tiwiri munali bii. Mayi Sambani anali atafesa molondola, ndipo ankadziwa bwinobwino za m'kambale kalikonse. Maselo nawonso sanalakwitse, puloteni iliyonse inapita komwe keyala yake inanena. Zosokera zinali zivindikiro zokha.

Ndinapita kwa Pulofesa ndi timbale ndi zithunzi, ndinatseka chitseko, n'kunena zonse, mpaka za foni papewa. Anavula magalasi n'kutikita maso nthawi yaitali.

"Izi tizithetse mwakachetechete," anatero. "Mnyamatayu ali ndi tsogolo."

"Nanga mayi aja ali ndi chiyani, Pulofesa?"

Anaimbira ku ofesi, kalata ija inachotsedwa m'faelo, anaiika mu envulopu pamodzi ndi kiyi, n'kundipatsa ine kuti ndikapereke. Tangoganizani. Kumunyoza munthu pamaso pa anthu khumi ndi awiri, kumuyeretsa kudzera mwa wamthenga m'chipinda chopanda zenera. Ndipo ine, wopusa ine, ndinatsika masitepe ndikumwetulira ngati ndanyamula mphatso.

Mayi Sambani anapukuta m'manja, anatsegula envulopu, anayang'ana kalata, anayang'ana kiyi. Kiyiyo anaigwira kanthawi, ndipo ndinaona chala chawo chikuisisita. Kenako anabwezera zonse mkati.

"Anandinenera kuti?"

"Pamsonkhano wa Lolemba, mayi."

"Ndiye zikathera komweko."

Lolemba tonse titakhala, chitseko chinatseguka. Mayi Sambani analowa ndi epuloni ya labala ndi majombo, akusiya mapazi onyowa pansi, ndipo ulendo uno sanaime kumbuyo. Anayenda mpaka kumutu kwa tebulo n'kuika envulopu patsogolo pa Pulofesa.

"Pulofesa, ndabweza katundu wanu. Wabwera mobisa, ine za mobisa sindilandira."

Pulofesa anatsokomola. "Mayi, tonse tikudziwa tsopano kuti panali kusamvetsetsana pang'ono."

"Ine ndinamva bwinobwino. Anati ndakalamba, maso afooka, ndine wosasamala. Amene sanamvetse ndani?"

Dokotala ankatsegula ndi kutseka cholembera chake. Kenako mayi aja anatembenukira kwa ine.

"A maikulosikopu, tsiku lija pachitseko munaona chiyani?"

Zaka khumi ndi ziwiri anali asananditchulepo choncho. Ndinaimirira, ndinanena za zivindikiro zounjikidwa, za foni, za timadontho, za utoto wofiira. Ndinanenanso kuti zonsezi ndinkazidziwa tsiku limene Pulofesa anafunsa, ndipo ndinakhala chete. Wophunzira wina anandiyang'ana ngati waponda chonyansa, ndipo sanalakwe.

Dokotala anayamba ndi kunena kuti masitika ndi njira imene malabotale akuluakulu amagwiritsa ntchito, kenako kuti foniyo inali yofunika kwambiri, kenako kuti kuika madontho kunali kuphwanya lamulo lake. Palibe anamuthandiza. Mayi Sambani anangoima manja ali m'thumba la epuloni, kumudikira monga ankadikirira munthu pampopi. Pamapeto pake mawu anamuthera.

"Zivindikiro ndinasokoneza ndine," anatero chapansipansi, akuyang'ana tebulo.

"Pepani adokotala, sindinamve. Makutu nawonso akalamba."

Anabwereza mokweza. "Ndinasokoneza ndine. Mayiwa sanalakwe."

"Zikomo." Anatulutsa kalata mu envulopu n'kuipereka kwa Pulofesa. "Inu ndi amene munasaina. Ing'ambeni nokha." Pulofesa anaing'amba pakati, n'kung'ambanso. Apo m'pamene mayi aja anatenga kiyi. Anafuna kuiika kumanzere, dzanja linapeza labala wa epuloni, ndiye anangoifumbata n'kutuluka.

Mukufuna kudziwa ngati Dokotala analandira kalata? Sanalandire. Chaka chisanathe anapeza ntchito yaikulu kwina, ndipo Pulofesa anamulembera umboni wokoma. Ndikamva kuti akuyang'anira labotale yakeyake, ndimangofunsa kuti kaya kumeneko akutsuka mabotolo ndani. Zimandipsetsa mtima mpaka lero, ndipo sindikufuna kuti zisiye kundipsetsa.

Mayi Sambani anabwerera kumwamba. Masiku atatu oyamba anakolopa chipinda chonse ndi sipiliti, makoma, mashelefu, mpaka miyendo ya mipando. Zolembera zinabwerera, kamakina ka masitika kanakathera mu kabati ya ku ofesi. Pakhomo mawu aja anamvekanso, ndipo Dokotala yemwe, m'miyezi imene anatsalayo, ankapinda malaya n'kupita pampopi osauzidwa kachiwiri. Nkhungu sinabwerenso.

Teni koloko ikakwana ndinkapita pamasitepe akumbuyo ndi kapu yanga. Ndinapita sabata yathunthu. Iwo tiyi ankamwera m'chipinda chapansi, ndi mayi watsopano wotsuka mabotolo, amene anayamba kumuphunzitsa kagwiridwe ka chivindikiro. Tikakumana pakhonde ankandipatsa moni mwaulemu wonse, timbale ankandibweretsera pa nthawi yake. Za mapasa sanafunsenso.

Tsiku lopuma panali zokamba zambiri. Pulofesa anati labotale yataya mzati, anthu anaomba m'manja, ana awo aakazi anajambula zithunzi. Kiyi anaipereka okha m'manja mwa mayi watsopano uja, atelala atamuyeza kale gauni kuti amusokere kathumba. Potuluka anagwirana chanza ndi aliyense pamzere. Atafika pa ine ndinayesa kuyamba mawu amene ndinawakonza miyezi isanu.

"Mayi, ine ndimafuna ndinene kuti..."

"Musavutike, a maikulosikopu. Munanena zoona, ndipo ndikuthokoza." Anandigwira dzanja mwamphamvu ndithu, akundiyang'ana kumaso. "Pa sabata yachisanu ndi chiwiri."

Atelala ananyamula gauni lopindidwa kukhwapa, awiriwo anatuluka pageti n'kulowera kokwerera basi.